Kukonza nkhani imene anzathu analemba kale pa wiki: mafunso ndi mayankho

Amene timalemba pa Wikipedia m'chilankhulo chathuchi, chimene kuno ku Lusaka timachitcha Chinyanja ndipo abale athu a ku Malawi amati Chichewa, tilipo ochepa zedi. Nkhani ikawonongeka sitidandaula kwambiri, chifukwa wiki, tsamba la pa intaneti limene owerenga angathe kulikonza, imasunga zonse zimene zinalembedwapo ndipo kuibwezeretsa n'kosavuta. Chimene chimatidetsa nkhawa ndi munthu. Wina amagula bandulo ndi ndalama yake, n'kuchezera usiku akulemba pa foni mbiri ya Matero kapena ya Chilenje, mawa lake n'kupeza zonse zafufutidwa popanda ngakhale liwu limodzi lomufotokozera. Wotereyu nthawi zambiri sabweranso, ndipo palibe batani lomubwezera. Mayankho otsatirawa achokera pa nkhawa imeneyi. Zitsanzo zambiri ndi za pa Wikipedia, koma mfundo zake zimagwira pa wiki iliyonse, ngakhalenso pa chikalata cha mpingo kapena cha gulu la chilimba chimene anthu angapo amalembamo.

Kodi nkhani ya pa wiki mwini wake ndani?

Ilibe mwini. Chiyambire pamene Ward Cunningham anakhazikitsa wiki yoyamba mu 1995, cholinga chinali chakuti aliyense wowerenga akhale ndi mphamvu yokonza zimene akuwerengazo. Wikipedia, imene inayamba pa 15 Januwale 2001, inatengera zomwezo. Mukadina batani losungira, mumakhala mwavomereza kuti zimene mwalembazo ena azisinthe, azikopere ndi kuzifalitsa potsatira chilolezo cha CC BY-SA. Choncho amene anayambitsa nkhani alibe mphamvu youza anthu kuti "iyi ndi yanga, musaikhudze."

Koma chilolezo chomwecho chili ndi mbali ina imene ambiri amaiwala: chimalamula kuti olemba azitchulidwa. N'chifukwa chake nkhani iliyonse ili ndi mbiri yake, pamene dzina la aliyense amene anaikapo dzanja limaoneka, pamodzi ndi tsiku ndi ola. Nkhaniyo sinagwe kumwamba. Alipo anthu amene anaikhetsera thukuta, ndipo ena mwa iwo amabwera kudzaizonda.

Ndiye ndizipempha kaye chilolezo ndisanakonze?

Ayi. Mukaona chilembo chasowa, chiganizo chosamveka, kapena linki yakufa, konzani pomwepo. Pa wiki yaing'ono ngati yathu nkhani zambiri zimatha zaka popanda wozikhudza, moti kuopa kukonza kumatipweteka kwambiri. Pofunika kulankhula kaye ndi ena ndi pamene mukufuna kuchotsa ndime yathunthu, kusintha mutu wa nkhani, kapena kulembanso zonse kuyambira pachiyambi.

Ndisanakhudze chilichonse, ndiyang'ane pati?

Pa mbiri ya tsambalo. Pa kompyuta ndi pamwamba paja palembedwa kuti "View history". Pa foni, tsikani mpaka pansi penipeni pa nkhani, pamene pali mzere wonena amene anakonza komaliza, mudine pamenepo. Mzere uliwonse wa mbiriyo uli ndi dzina, nthawi, ndi nambala: yobiriwira ngati munthuyo anawonjezera, yofiira ngati anachotsa. Mukaona nambala yaikulu yofiira, pamwamba pake yobiriwira yofanana nayo, kenako yofiiranso, dziwani kuti pamenepo panabuka mkangano, ndipo mwina chimene mwabwera kudzasinthacho n'chomwe anthuwo anakanganirana. Mungathe kusankha mizere iwiri n'kuiyerekeza. Kompyuta idzakuonetsani mawu enieni amene anachotsedwa ndi amene anaikidwa.

Yang'ananinso nthawi. Ngati wokonza womaliza wasunga mphindi zisanu zapitazo, ndiye kuti adakali pa ntchito. Mupatseni mpata, mubwerenso madzulo.

Mukachoka pamenepo tsegulani tsamba la zokambirana, lolembedwa kuti "Talk" kapena "Discussion". Pa nkhani zathu zambiri mudzapeza mulibe kanthu, ndiye simutaya nthawi. Koma tsiku limene mudzapezemo mawu, adzakupulumutsani ku manyazi.

Ndapeza chinthu chimene ndikudziwa kuti n'cholakwika. Ndingofufuta?

Dekhani kaye. Zambiri zimene timazitcha zolakwika si zabodza ayi. Zina ndi zoona zimene wolembayo anaziona kuchokera mbali ina, zina ndi zoona zakale, zina n'zoona koma zilibe umboni.

Tengani funso looneka lophweka ili: Lusaka inayamba liti? Wina alemba 1905, chaka chimene njanji inafika kuno n'kuikapo kasiteshoni. Wina alemba 1913, pamene malowa anakhazikitsidwa mwalamulo n'kukhala ndi bungwe lowayendetsa, ndipo n'chifukwa chake mzindawu unakondwerera zaka 100 mu 2013. Wina alemba 1935, pamene likulu la Northern Rhodesia linasamuka ku Livingstone kubwera kuno. Winanso akumbutsa kuti ulemu wotchedwa mzinda unabwera mu 1960. Eni nthaka nawo angatiuze kuti anthu analipo pano njanji isanalotedwe n'komwe, ndipo dzinalo linachokera kwa mfumu ya mudzi, a Lusaaka. Aliyense akamafufuta chaka cha mnzake n'kuikapo chake, nkhaniyo imangosintha nambala, siikula. Koma aliyense akawonjezera chaka chake n'kufotokoza chimene chinachitika, kachiganizo kamodzi kamasanduka mbiri yoti mwana wa sukulu n'kuphunzirapo kanthu. Funso loyenera kudzifunsa ndi lakuti: amene analemba izi ankadziwa chiyani chimene ine sindinachione?

Zoona zakale nazo n'zambiri kwathu kuno. Wachinyamata angaone mtengo wa minibasi wolembedwa m'masauzande n'kuganiza kuti wolembayo anaphonya, osadziwa kuti pa 1 Januwale 2013 kwacha inachotsedwa maziro atatu, K1,000 n'kukhala K1. Nkhani yonena za Lusaka International Airport sikunama. Bwaloli linkatchedwa choncho mpaka mu 2011, pamene a Michael Sata analipatsa dzina la Kenneth Kaunda. Amene analemba kuti m'Zambia muli anthu pafupifupi 13.1 miliyoni anatenga pa kalembera wa mu 2010. Wa mu 2022 anapeza pafupifupi 19.6 miliyoni. Pa zoterezi, ikani chatsopano patsogolo, chakalecho chitsale ndi chaka chake. Wowerenga akaona nambala zonse ziwiri amadziwa mmene dziko lakulira, chimene nambala imodzi singamuuze.

Chopanda umboni koma chosavulaza munthu, chiikeni chizindikiro chopempha gwero, chija pa Chingerezi chimati "citation needed", mufunse amene analemba, mudikire masiku angapo. Chokhacho chimene mwatsimikiza kuti n'cholakwikadi ndicho musinthe nthawi yomweyo, ndipo posintha muikepo buku, nyuzipepala kapena lipoti limene mwatengamo. Kuchotsa chiganizo chokhala ndi gwero n'kuikapo chanu chopanda gwero, chifukwa chakuti inu "mukudziwa," ndiko kufufuta kumene kumawawa kwambiri.

Posunga, kompyuta yandiuza kuti wina wasintha tsambalo ine ndili mkati molemba. Nditani?

Pulogalamu ya MediaWiki, imene imayendetsa Wikipedia, imayesa yokha kuphatikiza ntchito ya anthu awiri ngati akhudza malo osiyana. Ikalephera, chifukwa nonse mwakhudza mizere imodzimodzi, imakuimitsani n'kukuonetsani zolemba ziwiri: zimene zasungidwa kale ndi mnzanuyo, ndi zanu zimene sizinalowe. Apa mtima umathamangira kukopera zanu zonse n'kuzimata pamwamba pa zakezo. Musatero. Mukatero mwafafaniza zonse zimene iye waika, ndipo m'mbiri mudzaoneka dzina lanu ndi nambala yofiira. Tengani ziganizo zanu zokhazo zimene munawonjezera, muziike m'malo mwake m'kati mwa zimene zasungidwazo.

Pali ngozi ina yoposa imeneyi, ndipo kuno imachitika kawirikawiri chifukwa cha magetsi ndi mtengo wa bandulo. Munthu amakopera nkhani yonse kuiika m'kabuku ka mu foni kapena mu Word, azimitsa data, n'kumaikonza pang'onopang'ono masiku atatu, m'basi, pa ntchito, usiku magetsi akabwera. Akamaliza amatsegula tsambalo, afufuta zonse, amata zake. Pamenepa kompyuta sichenjeza chilichonse, chifukwa kwa iyo munthuyu wangotsegula tsambalo kumene. Zonse zimene ena anaika m'masiku atatuwo zimapita mwakachetechete, wofufutayo osadziwa n'komwe kuti wafufuta.

Kulembera kunja kwa intaneti si kulakwa, ndipo ambirife sitingachitire mwina. Koma koperani chigawo chokhacho chimene mukufuna kukonza, osati nkhani yonse. Musanamate, tsegulani mbiri muone ngati wina wadutsapo. Ndipo musanasunge, dinani "Show changes" muwerenge zimene zikuchoka. Mukaonamo mawu amene simunafune kuchotsa, imani pomwepo.

Kabokosi kofotokozera zimene ndasintha kaja, n'kofunikadi?

Kabokosika, kamene kamaoneka pamene mukusunga zimene mwasintha, n'kofunika kuposa mmene kamaonekera. Amene anaika nkhaniyo pa mndandanda wa masamba amene amawalondera amaona dzina lanu, nambala, ndi mawu a m'kabokosi kameneko basi. Akaona nambala yofiira popanda mawu, mtima umayamba wagunda asanatsegule n'komwe. Mawu ochepa ndi okwanira: "ndawonjezera za kalembera wa 2022," kapena "ndasamutsira ndime ya misika pansi, sindinachotse kanthu." Chitsanzo chachiwirichi n'chofunika kwambiri, chifukwa ndime yosamutsidwa imaoneka ngati yafufutidwa.

Kabokosika si kotukwanira. Mawu ngati "ndachotsa zopusa" kapena "phunzirani kulemba" amakhala m'mbiri mpaka kalekale, ndipo inu amene munawalemba simungawafufute. Komanso musachonge kuti kusinthako n'kwakung'ono pamene mwachotsa mfundo. Chizindikiro chimenecho ndi cha zilembo ndi mipumiro, ndipo ena amabisa zosintha zazing'ono pa mndandanda wawo chifukwa chokhulupirira kuti ochongawo akunena zoona.

Nkhani yalembedwa kuti "chifukwa" ndi "ntchito," koma ine kusukulu ndinaphunzira "cifukwa" ndi "nchito." Ndikonze?

Funso ili ndi limene lingatigawanitse tikapanda kusamala. Kalembedwe konse kawiri n'kovomerezeka kwawo. M'Zambia, Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977 kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri zophunzitsidwa m'sukulu, ndipo m'Chinyanja timalemba "c" pamene a ku Malawi amalemba "ch", ndi "ch" pamene iwo amalemba "tch". Ku Malawi, kumene dzina la chilankhulochi linasintha kukhala Chichewa mu 1968, anakhazikitsa malamulo awo. Wikipedia ya chilankhulochi ndi imodzi, ya pa ny.wikipedia.org, ndipo tonse timakumana pamenepo: a ku Chipata, a ku Lilongwe, a ku Tete, ndi ife a m'tauni.

Olemba m'Chingerezi anakumana ndi vuto lomweli pakati pa kalembedwe ka ku America ndi ka ku Britain, ndipo anagwirizana zinthu ziwiri zimene ndikuona kuti ifenso zingatithandize. Nkhani izitsatira kalembedwe kamodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo kakhale kamene nkhaniyo inayamba nako, pokhapokha ngati ikunena za dziko limodzi mwachindunji. Ndiye mukamawonjezera pa nkhani yolembedwa ndi "ch", tsatirani "ch". Mukayambitsa yanu ya Soweto Market kapena ya Kalingalinga ndi "c", wa ku Blantyre asabwere kudzaisesa. Kuyenda tsamba ndi tsamba kungosintha zilembo zimenezi sikuwonjezera chidziwitso chilichonse, kumangouza mnzako kuti sukulu imene anaphunzirako inamunamiza.

Nanga Chinyanja cha m'tauni, chija cha "manje," "vintu" ndi "nifuna"? Maganizo anga ndi akuti m'nkhani yeniyeniyo tizilemba chilankhulo cha m'mabuku, kuti wa ku Katete ndi wa ku Dedza amve mofanana. Koma mnyamata wa ku Chawama akalemba ndime yabwino ya mbiri ya komboni yake m'Chinyanja chimene amalankhula, ntchito yathu ndi kuwongola mawuwo mfundo zake zili chikhalire, n'kulemba m'kabokosi kuti "ndawongola kalembedwe kokha." Iye wabweretsa chimene ife tinalibe. Pa tsamba la zokambirana, aliyense alankhule mmene amalankhulira.

Nkhani yonse yalembedwa moipa, ikuoneka kuti inangomasuliridwa ndi makina. Sindingailembenso yonse?

Mungathe, ndipo nthawi zina n'koyenera. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira mu 2014, ndipo tonse taonapo nkhani zimene mawu ake ndi athu koma msana wake ndi wa Chingerezi, zoti ukawerenga kawiri sumva kanthu. Zoterezi siziyenera kusiyidwa choncho.

Koma onani mmene nyumba zimakulira m'makomboni mwathu, ku Kanyama kapena ku Mtendere. Wina anayala maziko, wina anakweza mpaka pa mawindo, patapita zaka wina anadzafolera. Womaliza sagumula khoma chifukwa chakuti mabuloko ake ndi a mtundu wina. Amayang'ana pamene palimba ndi pamene pang'ambika. M'nkhani yoipa kwambiri mumapezekabe zolimba: magwero, zaka, chithunzi, mayina a malo, magulu amene nkhaniyo inaikidwamo pansi pake. Zimenezi zisatayike.

Lembani kaye pa tsamba la zokambirana kuti mukufuna kuilembanso ndi chifukwa chake. Konzerani pa tsamba lanu loyeserera, lija amati sandbox. Kenako lowetsani chigawo chimodzichimodzi, chilichonse ndi mawu ake ofotokoza. Mukasintha zonse kamodzi, amene sakugwirizana ndi chiganizo chimodzi amakakamizika kubweza ntchito yanu yonse. Mukalowetsa pang'onopang'ono, amabweza chokhacho chimene chamuvuta, zinazo n'kutsala.

Wina wabweza zimene ndinalemba. Ndibwezerenso?

Musabwezere. Ndikudziwa mmene zimawawira, makamaka ngati sananene chifukwa. Koma zolemba zanu sizinatayike, zili m'mbiri, ndipo zidzakhalapobe mawa. Njira imene olemba ambiri amatsata ndi iyi: wina akonza molimba mtima, wina abweza, kenako awiriwo akambirana. Gawo lachitatulo ndi kukambirana, si kubwezanso. Pa Wikipedia ya Chingerezi pali lamulo lakuti wobweza koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24 akhoza kutsekeredwa. Wiki iliyonse ili ndi malamulo ake, koma musatenge nambala imeneyo ngati chilolezo chobweza katatu. Kukokanakokana kumayamba pa kubweza kwachiwiri.

Werengani kaye chifukwa chimene wapereka. Nthawi zambiri si chidani: mwina munaiwala gwero, mwina munafufuta china mosadziwa, mwina iyeyo ndi amene chala chinaterereka pa foni. Safunsa anadya phula. Mufunseni, ndipo mufunse ngati munthu wofunadi kumva yankho.

Nanga ineyo ndikafuna kubweza za wina?

Batani la "Undo" limachotsa zonse zimene munthu anachita pa kusunga kumodziko, zabwino ndi zoipa zomwe. Ngati mwa ziganizo zisanu zimene waika chimodzi chokha ndicho cholakwika, tsegulani nkhaniyo mukonze chimodzicho. Dziwaninso kuti mukabweza, mwiniwakeyo amalandira uthenga womuuza kuti mwabweza ntchito yake. Muganizireni akuwerenga uthengawo, kenako lembani chifukwa chanu m'kabokosi. Pafupi ndi batani lomwelo pali lina la "Thank". Ndi laulere, silitha bandulo, ndipo kwa munthu amene amalemba yekhayekha osadziwa ngati alipo amene amawerenga, kauthenga kakuti wina wakuthokozani n'kamtengo wapatali.

Kodi zilipo zoti ndichotse osadikira aliyense?

Zilipo. Kutukwana ndi kuwononga mwadala. Nkhani yonyoza munthu wamoyo popanda umboni, kaya ndi phungu, m'busa kapena woimba. Imeneyi ichoke nthawi yomweyo, chifukwa ingawononge mbiri ya munthu ndi banja lake. Nambala ya foni, ya chitupa cha NRC, kapena malo okhala a munthu wamba. Ndime zokopedwa liwu ndi liwu kuchokera mu Times of Zambia, Zambia Daily Mail kapena m'buku la wina popanda chilolezo. Malonda obisala m'nkhani.

Pa za nambala ya foni ndi zina zachinsinsi, kufufuta kokha sikukwanira, poti zimaonekabe m'mbiri. Dziwitsani admin, woyang'anira wiki amene ali ndi mphamvu zapadera, mwakachetechete kuti azibise, osakazilembanso poyera popempha thandizolo.

Pa tsamba la zokambirana ndilembe bwanji kuti ndisaoneke ngati ndikuyamba ndewu?

Yambani ndi moni, monga mmene mungachitire pofika pakhomo pa munthu. Gwiritsani ntchito "inu" nthawi zonse. Dzina la pa wiki silinena msinkhu. Amene mukumuyesa mwana wa sukulu akhoza kukhala aphunzitsi opuma pa ntchito a msinkhu wa bambo anu. Lankhulani za chiganizo, osati za munthu. Uthenga ngati uwu umatsegula zitseko:

"Muli bwanji akuluakulu. Zikomo chifukwa choyambitsa nkhaniyi. Pa ndime yachiwiri palembedwa chaka chosiyana ndi chimene chili m'buku limene ndili nalo. Kodi inu munachipeza pati? Mwina pali chimene ine sindinachione. Ndidikira mpaka Loweruka ndisanasinthe."

Tchulani dzina lake la pa wiki m'njira yoti alandire uthenga, ndipo sainani polemba tizizindikiro tinayi iti ~~~~, timene timasanduka dzina lanu ndi nthawi. Loweruka likafika popanda yankho, sinthani. Mwachita mbali yanu.

Apa pali kusiyana kwakukulu ndi nkhani yeniyeniyo: mawu amene munthu wasaina ndi ake. Musawakonze, ngakhale muone chilembo cholakwika. Yankhani pansi pake.

Ambirife timadziwana ndipo timakambirana pa WhatsApp. Palibe choipa, koma mukagwirizana kanthu kumeneko kalembeni mwachidule pa tsamba la zokambirana. Wa ku Mchinji amene sali m'gulu lanulo ali ndi ufulu wodziwa chifukwa chimene ndime yake yasinthira.

Agogo anandiuza zosiyana ndi zimene zalembedwa. Ndikhulupirire ziti?

Funso ili limandikhudza, chifukwa zambiri za ife sizinalembedwe, ndipo zina zimene zinalembedwa analemba ndi alendo amene anamva mwatheka. Mungawerenge nkhani ya Kulamba, mwambo umene Achewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete mwezi wa Ogasiti kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi, n'kupeza kuti zina sizikugwirizana ndi zimene munaona ndi maso kapena zimene akuluakulu anakuuzani. N'kutheka ndithu kuti agogo ndi amene akulondola.

Komabe Wikipedia imayendera zimene wina angathe kukazitsimikiza, ndipo wowerenga wa kutali sangathe kukafunsa agogo anu. Mukafufuta chiganizo chokhala ndi buku n'kuikapo mawu a pakamwa, wotsatira adzabweza, ndipo adzakhala ndi chifukwa. Chitani izi: lembani pa tsamba la zokambirana zimene mukudziwazo ndi kumene munazimva, kuti zisatayike. Kenako funani pamene zinalembedwapo. Laibulale ya University of Zambia, National Archives of Zambia ndi Lusaka National Museum zonse zili mumzinda muno, ndipo ophunzira ambiri analemba kafukufuku wawo atakhala pansi ndi akuluakulu a kumudzi. Mukapeza, ikani mbali zonse ziwiri: buku lakuti likunena izi, lakuti likunena izi. Pa nkhani za ufumu ndi malire a mafumu samalani koposa, chifukwa zimenezi zimafika mpaka kukhoti, ndipo wiki si bwalo logamulira milandu.

Pa wiki ya mpingo, ya sukulu kapena ya banja malamulo akhoza kukhala ofewa. Pamenepo lembani kuti mawuwo ananena ndani ndi liti, pambali pa zimene zinalipo kale.

Mutu wa nkhani ndi wolakwika. Ndiyambitse tsamba latsopano n'kukoperamo zonse?

Ayi. Mukatero mbiri yonse imatsala pa tsamba lakale, ndipo latsopanolo limaoneka ngati munalemba nokha. Gwiritsani ntchito "Move", imene imasamutsa nkhani pamodzi ndi mbiri yake n'kusiya kalozera pa dzina lakale, kuti wofuna Fort Jameson afikebe pa Chipata. Ngati batanilo silikuoneka chifukwa akaunti yanu ndi yatsopano, pemphani amene ali nalo.

Tikakumana gulu kuti tilembe limodzi, tingapewe bwanji kupondana?

Gawanani nkhani musanatsegule makompyuta, aliyense yake, ndipo mulembe pa bolodi kapena pa pepala amene watenga iti. Ngati awiri akufunadi nkhani imodzi, agawane zigawo, aliyense azidina "Edit" ya pa mutu wa chigawo chake, osati ya pamwamba pa tsamba lonse. Sungani pafupipafupi. Ongoyamba kumene ayambire mu sandbox, ndipo wozolowera akhale nawo pambali m'malo mowakonzera kumbuyo iwo asakudziwa. Wophunzira akaona ntchito yake ikusintha pamaso pake asanamalize n'komwe, manja amafooka.

Pa chikalata cha Google Docs, chofanana ndi zimenezi ndi kusankha "Suggesting" m'malo molemba mwachindunji. Zimene mwachotsa zimaonekabe zitadulidwa mzere mpaka mlembi wa gulu atavomereza, ndipo "Version history" imasunga zakale.

Pali munthu amene amangofufuta za ena, tamulankhula koma samva. Tichite naye bwanji?

Yambani mwatsimikiza kuti uthenga wanu anauonadi. Ambiri olemba pa foni sadziwa n'komwe kuti tsamba la zokambirana liliko. Mulembereni pa tsamba lake la iye mwini, m'chilankhulo chimene amalembera, mumuonetse malo enieni pamene mawu a ena anachoka. Kawirikawiri mudzapeza kuti ndi uja wokopera nkhani yonse mu foni, ndipo akangoona zimene zimachitika amasiya.

Akapitirizabe, musalimbane naye nokha pobwezabweza. Sonkhanitsani malinki a zosintha zakezo, atatu kapena anayi oonekeratu, muitane wolemba wina amene sanalowepo m'nkhaniyi kuti aone. Zikakanika, pitani nazo kwa admin, amene angathe kuteteza tsambalo kwa kanthawi kapena kumutsekera munthuyo. Pa wiki yaing'ono imene admin sapezeka msanga, alipo oyang'anira otchedwa ma-steward ndi ma-admin ena a Wikimedia, gulu limene Wikipedia ili pansi pake, amene amathandiza mawiki ang'onoang'ono, ndipo amafikiridwa kudzera pa Meta-Wiki, tsamba lokambiranapo za mawiki onse a gululi. Powalembera, ikani malinkiwo, nenani mwachidule zimene munayesa kale, ndipo ngati mawu ofufutidwawo ali m'Chinyanja, afotokozereni zimene akunena, chifukwa ambiri mwa iwo chilankhulo chathu sachimva.